Mphindi Khumi za Atambala

Wamawaya anatuluka pa geti la wailesi pakati pa usiku patadutsa kale, maso ali psuu, m'mimba mukulira. Masiku anayi anakhala akulimbana ndi seva yatsopano, kompyuta yoti iziulutsa yokha nyimbo, malonda ndi mauthenga popanda munthu woikhalira. Bwana ananena mosapsatira mawu: "Mawa faifi koloko titsegula ndi makina atsopanowa, ndipo omvera asadziwe kuti tasintha kanthu. Chikangosowa chimodzi, usadzaonekenso pano." Iyitu inali ntchito yake yachitatu m'zaka ziwiri. Mkazi wake anasiya kalekale kufunsa za kuntchito, ankangomuyang'ana kumaso akalowa, n'kupitiriza kusita.

Anasamutsa zonse, kapena tinene kuti ankaganiza choncho. Nyimbo anakopera, mayina osokonekera anakonza, wotchi ya seva anaiwongola. Pa ndandanda yakale, mphindi khumi zoyamba za m'mawa zinangolembedwa kuti "Atambala". Amenewo ndani sawadziwa? Ndi bambo a mawu okhuthala aja odzutsa anthu pa wailesi tsiku ndi tsiku. Pamaso anali asanawaone, poti iye anayamba ntchito miyezi iwiri yapitayo ndipo ankafika dzuwa litakwera. Choncho pa mphindi zimenezo anauza seva kuti itsegule maikolofoni, idikire eni ake. Atatero anafufuta kompyuta yakale ija yonse, monga bwana analamulira, poti inali itapeza kale wogula.

Minibasi zinali zitaweruka. Njira yachidule yopita kwawo inkalambalala mpanda wa manda, koma munthu wotopa sasankha njira.

Atafika pothera magetsi a mumsewu, anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Nawo anaima. Anayenda... nawonso anayenda.

"Mwachedwatu, mwanawe."

Mtima unangoti phwii! Pambali pake panali bambo wachikulire wa jekete yotuwa, m'khosi atakoleka mahedifoni a chingwe chonyotsoka. Koma mawuwo anawazindikira, ndipo mantha anaphwa pang'ono.

"Kodi ndinu Atambala? Mwandiopsatu, bambo! Kulawira kwake kumeneku?"

"Ine sindilawira. Ndimagona momwemo. Koma lero mwanditulutsa."

Wamawaya anaseka, kuyesa nthabwala za akuluakulu. "Musadandaule, malo anu ndasiya bwinobwino. Ikakwana faifi, mukangodina batani lofiira n'kuyamba kulankhula."

Bambowo anatukula manja awo n'kuwayang'anitsitsa.

"Ndikadine ndi chiyani, mwanawe?"

Mphepo inazizira. Agalu amene ankauwa kutali anangoti zii. Wamawaya anayang'ana manja aja... ndipo kupyola m'zikhatho anaona njerwa za mpanda! Anabwerera m'mbuyo. Bambowo anatembenuka pang'onopang'ono, n'kulowa pakhoma... pamalo popanda khomo!

Wamawaya analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Kwawo sanakuganizenso, anabwerera kuwailesi, kugwa n'kudzuka, bondo likuchucha magazi.

Mlonda anatsegula geti akuyasamula. Wamawaya anangomudutsa, mpaka m'kachipinda kozizira ka makina. Analemba dzina lija pa seva kuti afufuze. Panalibe kanthu. Anayatsa kompyuta yakale imene inali pansi pa tebulo, itamangidwa kale zingwe zake. Inangomuonetsa mdima ndi kachizindikiro kophethira pakona. Anaizimitsa, anaiyatsanso, ngati kuti makina amamva chisoni. Iye mwini, mmisiri wosamala uja, anali ataifufuta kawiri kuti wogula asapezemo kanthu.

"Amisiri, kwagwanji?" anafunsa mlonda ali pakhomo, tochi ili m'manja.

"Madala, Atambala amabwera nthawi yanji?"

"Amabwera?" Mlonda anamuunika kumaso. "Inu mwalawako chiyani usiku uno? Mawu aja ndi ojambulidwa. Amakhala m'kompyuta yakaleyo, ikakwana faifi amalira okha. Bwana ndi mwana wawo woyamba, n'chifukwa chake sanalole kuti achotsedwe. Amayi a bwanawo amadzuka dala kuti awamve."

Wamawaya anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi. Anadziwa kuti ntchito yatha, komabe chimene chinamuwawa koposa sichinali ntchitoyo.

"Palibe kwina kumene anawasunga? Pa tepi, pa foni ya wina, paliponse?"

"Kwina kuti, amisiri? Matepi anaonongeka ndi madzi denga litadontha. Mawuwo anali m'kompyuta momwemo basi."

"Koma ine ndakumana nawo. Pompano. Pa mpanda wa manda paja."

Mlonda anazimitsa tochi, n'kuvula chipewa.

"Ndi komweko," anatero motsitsa mawu. "Tinakawaika kuseri kwa mpanda umenewo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Bokosi lawo ndinanyamula nawo ineyo."