Chala pa Kadontho Kofiira

Mzime anali mwana wotsiriza m'nyumba mwawo. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna mkulu wake.

Mkulu wake anapita kusukulu yogonera komweko. Bedi lake linalibe munthu. Mpando wake unalibe munthu. Kapu yake inangokhala chovundikira.

Amayi a Mzime ankajambula zithunzi. Ankagwira ntchito m'kachipinda ka kuseri. Mzime sankalowamo.

"Muli timipeni takuthwa," ankatero Amayi.

Tsiku lina Amayi ananyamula zithunzi zawo. Anapita nazo kunyumba yoonetsera zithunzi. Kumeneko anthu amaona zithunzi. Akazikonda, amagula.

Mzime anapita nawo. Makoma anali oyera. Anthu anali ataliatali. Onse ankalankhula ndi Amayi. Palibe amene ankayang'ana pansi.

Pakona panali kachithunzi ka Amayi, kakuda ndi koyera. Panali atsikana awiri ndi ambulera imodzi. Wamkulu anapendeketsa ambulera kwa wamng'ono. Phewa lake linali pamvula.

"Akulu!" Mzime ananong'ona.

Tsiku lililonse akaweruka kusukulu, Mzime ankapita pakona paja. Ankawauza Akulu nkhani.

"Akulu, lero dzino langa lagwedera."

"Akulu, lero ndadya ndekha."

Tsiku lomaliza la chionetsero cha zithunzi linafika. Mzime anathamangira pakona. Anaima njii! Pansi pa chithunzi panali kadontho kofiira.

Mzime ankakadziwa kadonthoko. Amakamata pakhoma chithunzi chikagulidwa.

Mzime anaika chala chachikulu pa kadonthoko. Kadontho kanabisika.

"Mulungu," anapemphera chamumtima, "Akulu asachoke kawiri."

Anthu anabwera. Anthu anapita. Chala chinali pomwepo.

Bambo wosesa anafika ndi tsache lake.

"Iwe mwana, kodi khomali likufuna kugwa?" anafunsa. "Ukuligwirira?"

Mzime anangopukusa mutu.

Bamboyo sanafunsenso. Anabweretsa kampando. Anabweretsa madzi akumwa. Kenako anasesa mozungulira mapazi a Mzime.

Dzanja linatopa. Dzanja linachita dzanzi. Koma chala chinali pomwepo.

Dzuwa litapendeka, Amayi anabwera ndi agogo ena aamuna. Agogowo anali ndi ndodo.

"Mzime, tapatuka," anatero Amayi. "Agogowa abwera kudzatenga chithunzi chawo."

Mzime sanasunthe.

Agogo anawerama pang'onopang'ono. Mawondo awo analira. Anayang'ana Mzime. Anayang'ana chithunzi.

"Kodi wamng'onoyu si iwe?"

"Ndine."

"Nanga wonyowayu?"

"Ndi akulu anga. Ali kutali."

"Ana anganso ali kutali," anatero Agogo. "Ndimamwa tiyi ndekha. Ndimafuna woyang'anana naye."

Mzime anakumbukira mpando wopanda munthu. Anakumbukira kapu yovundikira.

"Kwanu kulibe ngakhale amayi?" anafunsa.

Agogo anaseka pang'ono. "Kuli ine ndi ndodoyi basi. Koma ndodo siyankha."

Mzime anayang'ananso Akulu pachithunzi. Kenako anachotsa chala.

"Muziwapatsa moni m'mawa," anatero. "Amakonda nkhani."

"Ndidzatero, mdzukulu wanga."

Amayi anakulunga chithunzi m'pepala. Agogo anachifungatira. Anatuluka nacho.

Pakhoma panatsala msomali wokha.

Panjira misozi ya Mzime inatsika yokha. Amayi anaima.

"Mwanangu, bwanji sunandiuze?"

"Munali ndi alendo, Amayi."

Amayi anagwira dzanja lotopa lija. Analisisita njira yonse.

Atafika kunyumba, Amayi anatsegula kachipinda ka kuseri.

"Lowa," anatero. "Koma manja kumbuyo."

Mzime analowa. Munkanunkhira inki ndi matabwa. Amayi anasunga timipeni m'bokosi. Kenako anatsitsa kathabwa kakuda.

Kathabwako kanali kogobagoba. Mzime anakayang'anitsitsa. Anaona ambulera. Anaona atsikana awiri!

"Koma atembenuka," anatero.

"Dikira uone," anatero Amayi. "Agogo agula pepala. Thabwali siligulitsidwa."

Amayi anapaka inki pathabwa. Anaikapo pepala loyera. Anapatsa Mzime supuni.

"Sisita ndi kumbuyo kwa supuni. Osasiya malo."

Mzime anasisita. Anasisita ambulera. Anasisita mvula. Anasisita phewa la Akulu mofatsa.

"Tsopano tukula pepala. Pang'onopang'ono."

Mzime anatukula. Poyamba panaoneka mapazi. Kenako madiresi. Kenako nkhope ziwiri.

"Akulu!" anafuula. "Mwabwera!"

Amayi anaseka. Mzime anaseka. M'nyumba munali mutapita masiku osamveka kuseka.

"Amayi, thabwali lingatulutsenso china?"

"Lingathe."

"Tipange cha Akulu. Mwina nawonso amadya okha."

Anapaka inki. Anaika pepala. Anasisita. China chinatuluka.

"Loweruka tikawapatsa," anatero Amayi.

Anayanika zithunzi ziwiri pachingwe. Chala chachikulu cha Mzime chinali bii ndi inki. Anachidinda pakona ya chithunzi cha Akulu.

"Ndiye chiyani chimenecho?" anafunsa Amayi.

"Kadontho kakuda," anatero Mzime. "Ichi sichigulidwa."

Amayi anamuika pamiyendo. Onse anayang'ana zithunzi zikuuma.

"Zikomo, Mulungu," Mzime ananong'ona. "Muwasungenso Agogo aja."

Kenako anayang'ana chithunzi pachingwe paja.

"Akulu," anatero, "lero ndili ndi nkhani yaitali."