Kamtambo ndi Laketi ya Amayi

Kamtambo anali mtsikana wolota masana. Maganizo ake ankayandama ngati kamtambo. N'chifukwa chake atate ake anamupatsa dzinali.

Kamtambo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuonanso amayi ake akusewera padelo.

Padelo ndi masewera a kampira kakang'ono. Bwalo lake lili ndi makoma agalasi. Kampirako amakamenya ndi laketi. Laketiyo ndi yolimba, yokhala ndi timabowo tambiri.

Kale amayi ankasewera. Ankathamanga. Ankaseka. Kenako kunyumba kunabadwa khanda. Amayi anasiya kusewera.

Laketi inagona pamwamba pa kabati. Inagona, inagona. Fumbi linaifunditsa ngati bulangete.

Tsiku lina kunabwera azakhali. Nawonso ankasewera padelo. Amayi anawauza kuti atopa. Anati laketi ija yakalamba. Anati aipereka kwa munthu wina.

Kamtambo anamva zonse. Mtima wake unalemera. Anapita kwa atate mwakachetechete. Anawapempha kuti amutsitsire laketi.

Atate anakwera pampando. Anatsitsa laketi. Anayetsemula. Anayetsemulanso. Kamtambo anaseka chamumtima.

Kamtambo anaima pazenera. Anasuzumira m'timabowo ta laketi. Kabowo kalikonse kanali ndi thambo lakelake. M'kabowo kena munadutsa mbalame. M'kabowo kena munagwa tsamba.

Kamtambo anayamba kulota. Anaona amayi akuthamanga pamitambo. Mitamboyo inali yofewa ngati thonje. Amayi anamenya kampira. Kampirako kanauluka, kanauluka, osagwa.

Atate anamugwira paphewa. Kamtambo anadzidzimuka. Laketi inali yafumbibe m'manja mwake.

Kamtambo anathamangira ku bafa. Anatenga beseni. Anatenga sopo. Anatsegula mpopi.

"Ukufuna kuisambitsa ngati mng'ono wako?" anafunsa atate.

Kamtambo anagwedeza mutu kuvomera. Atate anatseka mpopi. Anati laketi siikonda madzi. Madzi akalowa m'timabowo, m'kati mwake mumaonongeka. Anamupatsa kansalu kofewa.

Kamtambo anapukuta kutsogolo. Anapukuta kumbuyo. Anapukuta kabowo kalikonse ndi chala chake chaching'ono. Pukuta, pukuta, pukuta. Fumbi linachoka. Laketi inali yachikasu. Kamtambo anali ataiwala mtundu wake.

Kenako anatuluka nayo panja. Anaigoneka pakhonde kuti iothere dzuwa. Atate anaitola msanga. Anati laketi siikonda dzuwa lotentha. Ikatentha imafooka. Imafuna mthunzi.

Kamtambo anakwinya nkhope.

"Siikonda madzi. Siikonda dzuwa. Nanga imakonda chiyani?"

"Imakonda dzanja la amayi ako," anayankha atate.

Kamtambo anayang'ana chogwirira. Tepi yake inali yakuda. Inali yoterera. Kwina inali itang'ambika. Dzanja la amayi silikanaikonda tepi imeneyo.

Kamtambo anakakoka siketi ya azakhali. Anawanong'oneza m'khutu. Azakhali anamwetulira. Anapita naye ku khichini. M'chikwama mwawo munali tepi yatsopano, yoyera.

Azakhali anamatula tepi yakale. Kamtambo anagwira laketi ndi manja awiri. Azakhali anayamba kukulunga pansi. Anazungulira, anazungulira, mpaka pamwamba. Ankakulunga pang'onopang'ono, ngati akufunditsa khanda.

Kenako Kamtambo anaona mzere m'mphepete mwa laketi. Unali wautali. Unali woyera. Maso ake anadzaza misozi.

"Azakhali, yasweka," anatero ndi mawu otsika.

Azakhali anayendetsa chala pamzerewo. Anagogoda laketi pafupi ndi khutu lawo. Go, go, go. Anamvetsera. Anagogodanso.

Anati sinasweke. Inangokalika pakhoma lagalasi kalekale. Laketi yosweka imalira mosasa, ngati atate akadwala chimfine. Atate anatsokomola dala. Kamtambo anaseka, misozi ili m'masaya.

Azakhali anamata tepi ina m'mphepete monse. Anati imeneyo ndi chipewa cha laketi. Anakokanso kachingwe ka laketi kovala padzanja. Kanali kolimba. Anauza Kamtambo kuti laketi imapukutidwa ikatha kusewera. Kenako imagona m'chikwama chake.

Amayi anali pabalaza. Ankasisita khanda kumsana. Kamtambo analowa, laketi ataibisa kumbuyo. Anaima patsogolo pawo. Anaitulutsa pang'onopang'ono.

Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali. Anapereka khanda kwa atate. Anavala kachingwe padzanja. Zala zawo zinakumbatira tepi yoyera. Anaigwedeza uku. Anaigwedeza uko. Katani la pazenera linavina.

"Ndani waisamala chonchi?" anafunsa amayi.

Atate analoza Kamtambo. Azakhali analoza Kamtambo. Amayi anagwada. Anamukumbatira, laketi ikulendewera padzanja.

"Sindiiperekanso, mwanangu," anatero amayi.

Loweruka onse anapita ku bwalo la padelo. Amayi ndi azakhali analowa m'kati. Anzawo awiri anali akuwadikira. Atate anakhala panja ndi khanda. Kamtambo anatsamiritsa chipumi pagalasi.

Kampira koyamba kanabwera. Amayi anaphonya. Kachiwiri kanabwera. Amayi anaphonyanso. Anagwira m'chiuno ndi kuseka. Kachitatu kanabwera. Po! Kanadutsa pamwamba pa neti, ukonde wa pakati pa bwalo.

Po, po, po. Amayi ankathamanga. Amayi ankaseka. Kamtambo sanaphethire.

Masewera atatha, amayi anamukodola. Kamtambo analowa m'bwalo. Pansi pake panali pofewa ngati udzu. Amayi anamuveka kachingwe padzanja. Laketi inali yolemera. Chogwirira chinali chofundabe.

Amayi anaima kumbuyo kwake. Anaika dzanja lawo pamwamba pa dzanja lake. Azakhali anaponya kampira mofatsa. Kanabwera pang'onopang'ono. Manja awiri anayenda limodzi.

Po!

Kampira kanakwera. Kanadutsa neti. Kuseri kwa galasi, atate anagwira timanja ta khanda. Anatiombetsa, ndipo khanda linaseka.