Mpango wa pa Thandala

"Imitsani kaye!" anakuwa Lodwick ataimirira pakati pa kalasi. "Zakuba izi!"

Madamu Scholastica, amene ankayang'anira kalabu ya mafilimu pasukulupo, anaimitsa kanemayo. Pakhoma panatsala chithunzi chimodzi, mpango woyera uli pathandala loyanikapo usipa. Triza, mwini filimuyo, anangoti zyoli. Anaijambula ndi foni ya azakhali ake, ndipo tsikulo kalabu inkasankha filimu imodzi yodzaonetsa pa tsiku la makolo.

"Waba chiyani?" anafunsa madamu.

Lodwick anakonza kolala. Mnyamatayu ankadziwadi mafilimu, koma vuto lake linali loti ankadziwanso kuti amawadziwa.

"Madamu, kwa a Anwar oonetsa kanema aja kuli filimu ina yakalekale, ija ya zithunzi zakuda ndi zoyera. Bambo akukwera sitima, mwana wake akumubayibitsa ndi mpango, kenako akuusiya pampando, kamera n'kungokhala pomwepo. Triza wangochotsa sitima n'kuikapo kabaza, wachotsa mpando n'kuikapo thandala. Komanso filimu yabedwayo ndi yogonetsa tulo. Mulibe ndewu, mulibe kuthamangitsana. Ukamaba uzibako zabwino!"

Kalasi yonse inafa ndi phwete.

"Sindinabe," anatero Triza motsitsa mawu. "Ndinkafuna kuti amene akuidziwa aikumbukire."

"Nanga bwanji kumapeto kwa yakoyi kulibe mawu? Olo kanyimbo?" anafunsa Lodwick.

Triza anangoyang'ana mpango uja pakhoma.

"Filimu yakuba sitingaionetse kwa makolo," anatero madamu. "Koma sindingaweruze chinthu chimene sindinachione. Loweruka m'mawa tikaionere limodzi yakaleyo."

Nyumba yoonetseramo kanema ya a Anwar inali ya mabango, kuseri kwa msika wa ku Senga Bay. A Anwar atamva filimu imene ankafuna, anaifunafuna pakompyuta yawo yakale akupukusa mutu.

"Imeneyi amaipempha ndi munthu mmodzi yekha kuno," anatero akuyang'ana Triza.

Atatseka chitseko, m'katimo munagwa mdima wozizira bwino. Dzuwa linkalowa m'timipata ta mabango ngati ulusi, fumbi likusambira m'kuwalako. Pakanema panaoneka anthu ovala zikhothi zazitali, akuyenda pang'onopang'ono m'nkhungu. Phokoso la msika linayamba kumveka ngati lili kutali, ndipo Triza anaiwala kuti wabwera kudzaweruzidwa.

Monga zimakhalira m'nyumba za kanema, filimuyo inali ndi mawu a Chichewa. Munthu wina anawaikamo kalekale, akumasulira nkhaniyo komanso kuwonjezeramo zakezake. Anali ndi mawu anzenene ndiponso nthabwala zosatha. Bambo wa mufilimuyo anamupatsa dzina loti Achimwene Chipewa, ndipo nkhungu ankati ndi utsi wa nsomba zowamba.

"Amenewa ndiwo amawononga mafilimu," ananong'ona Lodwick. "Amangolongolola."

Kenako sitima inanyamuka. Mwana uja anakupiza mpango mpaka sitimayo inazimiririka, n'kuusiya pampando. Kamera inakhala pomwepo. Panadutsa nthawi popanda mawu alionse.

"Mwaonatu, madamu? Ndendende!" anatero Lodwick akuimirira. Tsiku limene anaionera filimuyi koyamba anatulukira pomwepa, akudandaula kuti yatha popanda ndewu.

"Khala pansi," anatero a Anwar. "Sinathe."

Mawu anzenene aja anabweranso, koma tsopano opanda nthabwala, ofatsa ngati munthu akugoneka mwana.

"Usalire, mwana wanga. Mpangowo uusiye pomwepo, ndidzaupeza. Ndikubwera, Triza."

Lodwick anatembenuka. M'kuwala kwa kanemayo anaona milomo ya Triza ikuyenda limodzi ndi mawuwo, osaphonya ngakhale amodzi.

"A Pitala amenewo, bambo ake," anafotokoza a Anwar atatsegula chitseko. "Ankagwira ntchito kuno. Iyi ndiyo yomaliza imene anaikamo mawu asanapite ku Joni. Poyamba ankaimba foni, pano kuli zii. Allah yekha ndiye akudziwa."

Madamu Scholastica anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale analibe fumbi.

Panja dzuwa linali litakwera. Lodwick anayenda pambali pa Triza mpaka pamathandala, manyazi atamugwira.

"Ndiye kumapeto kwa yako kulibe mawu chifukwa..."

"Malowo ndi a bambo anga," anayankha Triza. "Akadzabwera adzaikamo okha."

Lodwick anakanda mchenga ndi chala cha kuphazi. "Pepa, Triza. Ndinalakwitsa. Komabe yakaleyo imachedwa, usandikanize."

"Imachedwa dala. Kudikira munthu kumatero."

Tsiku la makolo holo inadzaza. Pakhoma panaoneka kabaza akuchoka ndi bambo wonyamula chikwama, mtsikana akukupiza mpango, kenako n'kuusiya pathandala. Kamera inakhala pomwepo. Anthu anayamba kutokosana. Mwana wina anakuwa kuti, "Yaima!" ndipo ena anadzuka n'kulunjika kukhomo.

Pakhomopo anapeza Lodwick atatambasula manja.

"Bwererani mukakhale pansi, chonde," anatero. "Sinathe."

Anthu anabwerera mong'ung'udza, kenako holo yonse inati zii. Triza anatseka maso. Pakhoma mphepo inkanyamula mpango uja pang'onopang'ono n'kuutsitsanso, ndipo aliyense anadikira naye limodzi.