Mafupa a Nguluwe M'khola la Paraschiva

Fupa loyamba Paraschiva analipeza m'mawa wa tsiku la Andrei Woyera, litagona m'chodyera cha nkhumba yake. Unali mwendo wa nguluwe, chiboda chidakali pomwepo, ubweya wakuda wouma utatsalira pang'ono, ndipo kumtunda kwake kunali kotafunidwa ndi mano amene si a galu. Nkhumba inali italikukuta kale mpaka kulowa m'mafuta a m'kati mwa fupa.

Chaka chimenecho matenda a chigodola cha nkhumba anali atalowa m'nkhalango zathu kuno kumapiri a Romania. Nguluwe zinkafera m'zigwa, mimba zitatupa, makutu atada. Kumudzi wa kutsidya khola limodzi lokha litapezeka ndi matendawa, a boma anapha nkhumba zonse za m'mudzimo n'kuzikwirira m'dzenje limodzi. Ife kunali kutatsala masabata atatu kuti lifike tsiku la Ignat, lomwe banja lililonse limapha nkhumba yake ya Khirisimasi, nyama yodya mpaka chisanu chitatha.

Anandiitana cha pampanda, poti ndife oyandikana. Ndinkayesa akufuna ndimuonetsenso kathiridwe ka adyo m'soseji, pajatu zimenezo m'mudzi muno amafunsa ine.

"Aurica, asisi, tabwerani. Koma kukamwa kwanuko mutseke."

"Mwapsereza chiyaninso lero, amayi inu?"

Anavundukula epuloni. Ndinangoona kamodzi n'kudziwa.

"Ndi uja wa m'nkhalango," ananong'ona. Dzina la mmbulu sititchula masiku amenewo, chifukwa usiku wa Andrei ndi usiku wake, ndipo amati amamva zolankhula za anthu. "Zitseko zonse ndinapaka adyo dzulo kuti asalowe. Khola lokha ndinaiwala."

"Tenthani," ndinatero. "Ndipo musauze munthu. Akamva, mudzi uno adzati munaupha ndi inu."

Fupalo linapita m'mbaula. Paraschiva anakhoma matabwa m'mipata yonse ya khola, napaka adyo mpaka nkhumba kuyetsemula. Mwamuna wake anali ku Italiya kuntchito yomanga, ndipo panyumba anali ndi apongozi ake okha, agogo Toader, bambo a mwamunayo, amene anaweta nkhosa m'mapiri zaka makumi asanu, tsopano ogontha khutu limodzi. Iwowo sanawauze kanthu, kuopa kuwadwalitsa mtima.

Patapita masiku awiri m'chodyera muja munali chibwano cha nguluwe, dzino lopindika lidakali pamenepo. Matabwa onse anali bwinobwino, kachitsulo kotsekera chitseko kali m'malo mwake. Usikuwo kunagwa chipale chofewa, choncho tinayang'ana mapazi. Panalibe phazi la nyama kapena la munthu. Panali mzere umodzi wokha, waukulu, wosalala, wochokera kuchitseko cha khola, kudutsa m'munda wa mapulamu, kukalowa m'mitengo, ngati chinthu chinkayenda chikukwekwereza mimba.

"Nanga galu?" ndinafunsa.

"Sanauwe, asisi. Ngakhale kamodzi."

Kusitolo anthu anali atayamba kulankhula motsitsa mawu. Ena ankati mimbulu ndiyo ikunyamula matendawa kuchokera kuseri kwa phiri, ikulipsira alenje amene anaiphera ana. Mkazi wa wopala matabwa anati anaona chinthu chaubweya chikuyenda ndi miyendo iwiri kuseri kwa tchalitchi, chitawerama. Amuna anaseka, koma chiseko chake chosafika m'maso, ndipo aliyense anagula mchere wake n'kutuluka msanga. Palibe amene ankafunsa mnzake za nkhumba, pomwe nthawi ngati imeneyo nkhani imakhala yomweyo, ya amene yake yanenepa kuposa ya mnzake. Chaka ndi chaka mpikisano umenewo ndimapambana ine.

Fupa lachitatu litabwera, nthiti zitatu zogwirana, Paraschiva anasiya kudya.

"Ndikufuna ndichione ndi maso anga," anatero. "Mukhala nane?"

Mkazi wina akanakana. Ine ndinatenga tochi ndi nkhwangwa ya malemu mwamuna wanga.

Tinabisala m'kakhitchini kapanja, moto titazimitsa, zenera lake loyang'ana kukhola. Kunali kuzizira koti mpweya unkauma pa mpango. Mwezi kunalibe, koma chipale chimabweza kakuwala kake kotuwa, moti mitengo ya mapulamu inkaoneka ngati anthu oimirira akudikira. Tinkamva nkhumba ikupuma, kenaka matabwa a denga akuthetheka ndi chisanu. Koloko ya tchalitchi itagunda kawiri, kumtunda kwa chigwa mmbulu umodzi unalira, kulira kwautali kotsika pang'onopang'ono, wina n'kuyankha pafupi kwambiri kuposa momwe tinkafunira. Paraschiva anandigwira dzanja, zikhadabo kulowa m'khungu.

Kenaka kunamveka china. Khwee... khwee... Kaye chete. Khwee.

Galu anatuluka m'kanyumba kake, unyolo ukulira. Anaima, nanunkhiza. Ndiye anayamba kugwedeza mchira.

Chinatulukira pakati pa mitengo, chakuda, chaubweya wautali kuyambira m'mapewa mpaka pansi, chowerama, mutu wosaoneka. Chinkapuma mokoka ngati chifuwa chang'ambika. Kumbuyo kwake chinkakoka chinthu cholemera chomwe chinkafafaniza njira yonse. Chitafika pakhola chinaima, n'kutulutsa dzanja, dzanja la zala zisanu, n'kukweza kachitsulo kaja modekha ngati chinthu chozolowera.

"Mayi Maria, tithandizeni," Paraschiva ananong'ona.

Ndinakankha chitseko n'kuyatsa tochi.

Anali agogo Toader, atavala chikhoti chawo chakale cha chikopa cha nkhosa, ubweya kunja, thumba lomangidwa ndi chingwe lili kumbuyo. M'dzanja anali ndi mwendo wa nguluwe, magazi ataundana.

"Zimitsani chimenecho, mundichititsa khungu!" anakalipa. "Akazi awiri akuluakulu panja usiku, mwasowa ntchito?"

"Bambo!" Paraschiva anafuula. "Ndi inu? Mukutani?"

"Ati chiyani?"

"Ndati mukutani!"

"Ndikupereka mankhwala, mwana wanga. Nanga inu mumangopaka adyo ngati mukufuna kuiwotcha lero."

"Mankhwala ati, agogo?" ndinafunsa, ndikulankhulira kukhutu lakumva.

Anatiyang'ana ngati ife ndiye opusa. "Simunali kumsonkhano kusukulu? Dotolo wa ziweto uja ananena pamaso pa tonse. Anati musade mimbulu, mmbulu ndiye dotolo wa nkhalango, matenda akafika kwa iye amafa. Ndiye chimene dotolo waluma si mankhwala? Ndikudziwa pamene amadyera, kuphompho la kumtunda. Maola awiri kupita, awiri kubwera, ndi mawondo angawa."

"Anati amafera m'mimba mwake, bambo," Paraschiva anatero. "M'mimba! Chimene wameza. Chimene wasiya ndiye chili ndi matenda onse. Anati tisachikhudze n'komwe."

"Ati?"

Paraschiva anabwerezanso mokuwa. Agogo anayang'ana mwendo uja m'dzanja mwawo nthawi yaitali. Kenaka anauika pansi pang'onopang'ono.

"Ndinakhala kumbuyo," anatero motsitsa. "Pafupi ndi mbaula."

"Basi, katatu kokha," Paraschiva anatero ngati akudzitonthoza. "Mwina Mulungu atichitira chifundo. Khola limodzi, ndipo palibe akudziwa."

Agogo sanadzutse mutu. "Ine si munthu womana, mwana wanga. Ndagawira msewu wonse, mpaka kwa abambo mfumu. Kwa Aurica ndinaponya kawiri, poti yake ndi yaikulu."

Paraschiva anatembenuka kundiyang'ana. Mafupa awiriwo ndinali nditawatentha ndekha m'mbaula mwanga, loyambalo tsiku lomwelo iye asanandiitane. Ndipo pamenepo ndinazindikira chifukwa chimene anthu kusitolo ankatulukira msanga.

Tinathira thumba lija mafuta n'kulitentha kuseri kwa munda. Agogo anaima patali, chipewa m'manja.

Masiku asanu tinadikira, tikuwerenga mpweya wa nkhumba zathu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinatuluka kukucha ndi ndowa ya gaga wofunda. Ndili pakati pa bwalo ndinaima. Nthawi imeneyo mudzi wonse umakhala phokoso, nkhumba zikulirira chakudya kuchokera kumlatho mpaka kutchalitchi. Kunali zii. Ndinkamva khwangwala yekha.

Yanga inali itagona pakona, yotentha ngati buledi wongotuluka mu uvuni, makutu atafiira moderako. Sinadzutse ngakhale mphuno.

Nditatuluka pachipata ndinapeza Paraschiva ataima pa chake, ndowa yodzadza ili m'dzanja, nthunzi ikufuka.

"Yanu yadya, asisi?"

"Ayi."

Kumunsi kwa msewu chipata china chinatseguka, kenaka china. Akazi ankatuluka mmodzimmodzi, aliyense ndi ndowa yake yodzadza, n'kuima osayang'anana.

"Ndani aimbire dotolo?" mkazi wa wopala matabwa anafunsa.

Paraschiva anaika ndowa pachipale, napukuta manja pa epuloni.

"Ndiimba ine," anatero. "Koma dzina la apongozi anga likatuluka pakamwa pa munthu, ndidzafunsa aliyense wa inu kuti fupa lake analitenthera kuti."