Ndani Akuitana Yodit?

Yodit anali mwana watsopano mumzinda wa Arusha. Kwawo kunali ku Ethiopia. Bambo ake anapeza ntchito kuno, ndiye banja lonse linasamuka.

Yodit ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna mnzake.

Koma ana a pamsewu ankalankhula Chiswahili. Yodit sankamva Chiswahili. Chizungu ankamva pang'ono pokha. Choncho anangokhala chete. Kunyumba, chete. Kumsika, chete.

"Mwanayu timupezere sukulu," anatero mayi ake.

Anapita kukaona sukulu yaikulu. Inali ndi mabasi ambiri. Inali ndi ana ambiri. Koma panalibe amene anamuyang'ana Yodit. Iye anabisala kumbuyo kwa mayi ake.

"Kuli inanso kuphiri," anatero bambo ake. "Ndi yaing'ono. Ana ake ndi ochokera kumayiko osiyanasiyana."

M'mawa mwake ananyamuka pagalimoto. Msewu unakwera chitunda. Unadutsa m'minda ya khofi. Kenako nkhungu inatsika. Nkhungu inameza mitengo. Nkhungu inameza msewu.

Anafika pageti. Geti linali lotsegula. Mlonda panalibe.

Sukuluyo inali nyumba yakalekale. Makoma ake anali ndi ndere. Pabwalo panali zii. Panalibe mwana ndi mmodzi yemwe.

Koma katungwe ankagwedera. Uku, uko. Uku, uko. Pakatungwepo panalibe munthu. Mphepo kunalibe.

Pakhonde panali nsapato. Nsapato zing'onozing'ono, zili ndandanda. Matope ake anali asanaume.

"Eni ake nsapatozi ali kuti?" ananong'ona mayi ake. "Girma, tiyeni tizibwerera."

"Tafika kale," anatero bambo ake. "Tigogode kaye kuofesi."

Makolo anapita kukagogoda. Yodit anatsala pakhonde.

Kenako anamva mawu. Mawu apansipansi.

"Yodit..."

Anacheuka. Anaona nkhungu yokhayokha.

"Yodit... Yodit..."

Tsopano mawu anali ambiri. Ena aang'ono, ena osasa. Ndani akudziwa dzina lake kuno?

Mawuwo ankachokera kumapeto kwa khonde. Kumeneko kunali chitseko chobiriwira. Yodit anafuna kuthawa. Koma anamvanso mawu ena.

"Selam..."

Umenewo ndi moni wa kwawo. Chifikireni ku Arusha, ankaumva m'nyumba mwawo mokha.

Yodit anayenda pang'onopang'ono. Matabwa analira pansi pa mapazi ake. Anakankha chitseko. Chitseko chinalira, kwiii.

M'katimo munali mdima. Mawindo anali otchinga. Pakati pa chipinda panapachikidwa nsalu yoyera. Kuseri kwa nsalu kunkawala. Pansalupo panali zithunzithunzi. Mitu ikuluikulu. Mikono italiitali. Zinkagwedera uku ndi uko.

Kenako zonse zinaima. Zii.

Yodit anaima pakhomo. Kenako anatsegula pakamwa.

"Selam," anatero ndi kamawu kakang'ono.

Chithunzithunzi chimodzi chinayetsemula.

Chithunzithunzi china chinaseka. Nsalu ija inagwa pansi. Kuseri kwake kunali ana. Ana enieni, atavala masokosi. Pambali pawo panali aphunzitsi atanyamula tochi.

"Wafika kale?" anatero aphunzitsi. Ankalankhula Chizungu mosathamanga, ndipo Yodit anamva. "Takulandira, Yodit. Ine ndine Mwalimu Nasieku."

Mwalimu anayang'ana mtsikana wina wamtali.

"Benedita, si iwe tinakutuma kuti ukadikirire galimoto?"

"Ndinadikirira, Mwalimu," anatero Benedita. "Ndinali pakatungwe. Nditangoimva, ndinathamangira kuno. Koma Sota anati sanakonzeke."

"Bodza limenelo," anatero Sota, mnyamata woyetsemula uja. "Wosakonzeka ndi iweyo. Umati Yo-diii-ti, ngati mbuzi ikulira."

Ana onse anaseka. Yodit anagwira pakamwa. Naye anaseka.

Mwalimu anatsegula mawindo. Kenako ananjuta pafupi ndi Yodit.

"Bambo ako anatiuza dzina lako pafoni," anatero. "Mwana watsopano akabwera, timamupatsa moni wa kwawo. Timamuchitiranso sewero. Tinali tikuyeserera. Pepa, takuopseza."

"Nanga timatchula bwino?" anafunsa Benedita.

Yodit anapukusa mutu. "Ayi," anatero. "Nenani chonchi. Yodit."

"Yodit," anatero ana onse.

"Eya. Nenaninso."

Kunja kunamveka mapazi othamanga. Anali mayi ake. Ankamufunafuna, mtima uli m'mwamba. Bambo ake anali pambuyo. Atafika pakhomo, onse anaima.

Yodit anali pakati pa ana. Anawagwiritsa nsalu. Ankapanga chithunzithunzi cha mbalame ndi manja ake. Ndipo ankalankhula.

Mayi anapuma mpweya wautali. Anapatsana moni ndi Mwalimu.

"Koma nyumba yanuyi ndi yoopsa, Mwalimu," anatero mayi.

"Ndi nkhunguyi, mayi," anatero Mwalimu akumwetulira. "Dzuwa likatuluka, imangokhala yokalamba basi."

Mwalimu anawaonetsa zipinda. Zinali zochepa. Anawaonetsa mabuku a Chiswahili, a Chizungu, a Chifalansa ndi a Chipwitikizi. Ana ankawatsata pambuyo ndi masokosi awo.

Bambo anagwira dzanja la Yodit.

"Mwana wanga, waona sukulu ziwiri. Ukufuna iti?"

"Ino, Ababa."

Bambo anayang'ana mayi. Mayi anayang'ana makoma a ndere aja. Kenako anayang'ana Yodit.

"Ino yomweyi," anatero mayi.

Madzulo banja linakhala pamodzi. Mayi anabweretsa nyemba ndi injera, buledi wopyapyala wa kwawo. Yodit anayamba kufotokoza. Anafotokoza za Benedita. Anafotokoza za Sota. Anaphunzitsa mayi ake moni wa Chipwitikizi. Anaphunzitsa bambo ake moni wa Chijapani. Bambo analakwitsa. Yodit anawauza kuti abwereze.

"Idya kaye, mwana wanga," anatero bambo ake. "Nyemba zikuzizira."

"Dikirani, Ababa. Sindinamalize."

Mayi anang'amba injera. Anakulungamo nyemba. Anamudyetsa Yodit ndi dzanja lawo. Yodit anatafuna, anameza, n'kupitiriza nkhani yake.