Numerio Agulitsa Tirigu wa Asilikali

Numerio anakulira m'banja lolemekezeka mu mzinda wa Roma. Bambo ake, a Vibio, anali phungu wa m'bwalo la akuluakulu, munthu wa zipsera za nkhondo pachifuwa, wodya mkate ndi maolivi ngati mlimi wamba. Tsiku limene mwana wawo anapatsidwa gulu la asilikali kuti akalondere malire a kumpoto, a Vibio anamugwira paphewa.

"Mwananga, usamadye asilikali ako asanadye."

Numerio anavomera. Koma kumalireko anapezana ndi Kaeso, wamalonda wa pakamwa potsekemera, amene anayamba kumutumizira mitsuko ya vinyo. Posakhalitsa Numerio ankadzuka dzuwa lili pamutu, maso ali psuu.

"Bwana, mukufuna mukalambe ndi mkate wouma ngati mdala wanu?" anamuseka Kaeso tsiku lina. "Anthu a mu Roma savotera zipsera. Apatseni masewera ndi maphwando, mpando waukulu ndi wanu. Tirigu ali m'nkhokweyu ndigula ine."

Tirigu wa asilikali! Numerio anagulitsa osaphethira n'komwe. Kapitawo wina wachikulire atadandaula kuti anyamata akudya mizu, iye analamula kuti amukwapule pamaso pa gulu lonse. Kenako ananyamuka kupita ku Roma kukakopa anthu, atavala mwinjiro woyera mbee, akugawa nyama ndi vinyo m'misewu.

Chisanu chitafika, adani anawoloka mtsinje. Anapeza asilikali anjala, olephera ngakhale kunyamula zishango, ndipo anawapha ngati mbuzi. Opulumuka ochepa anafika mu Roma akuyenda pansi popanda nsapato. Analowa m'bwalo la akuluakulu navula malaya, aliyense naona nthiti zawo.

Numerio anaitanidwa kudzayankha mlandu. Anayesa kukankhira mlanduwo kwa Kaeso, koma Kaeso analumbira pa milungu yonse kuti sanagulepo kanthu. Apo Numerio anatembenukira kwa bambo ake. A Vibio anaimirira pang'onopang'ono.

"Ana a eni ake akuwolera m'matope chifukwa cha mimba yako. Usadzanditchulenso bambo."

Iwo ndiwo anayamba kuvomereza kuti apirikitsidwe. Lamulo linatuluka loti wina aliyense asamupatse moto kapena madzi. Anakafera pachilumba cha miyala, akupempha zotsala kwa asodzi, ndipo panalibe womulira.

Inu achinyamata amene mukulakalaka mipando, chenjerani ndi dyera ndi mowa. Mukaba chakudya cha anthu amene mwapatsidwa kuti muwasamale, mwawapha ndi manja anu, ndipo magazi awo adzakutsatani kufikira kumanda.