Roora ya Sabina

Ukuti nkhani ya Obadiya unaimva? Sunamve kanthu iwe, makutu akowo ngokolekapo ndolo basi. Ika kafoniko pansi, khala apa.

Chaka chija mgodi unatseka muno m'Bindura, ndalama tikunyamula m'matumba koma osagula ndi buledi yemwe, Obadiya anali ndi nsapato zomanga ndi waya. Tsiku lonse ankakhala pakhomo pa kafe ya intaneti, kuonerera anzake akulemberana zachikondi ndi a ku Ingalande n'kumalandira mapaundi. Mtima unkamuwawa. Atayesa yekha, ndi nkhope yake ija ngati chitseko cha khola, palibe anamuyankha. Usaseke, yako si yoposa pamenepo.

Ndiye anabwereka njinga, ulendo wa ku Matepatepa kwa mdala Chikaipa, wokhwimitsa anthu kuseri kwa zigafa za fodya.

"Nkhope yakoyi singagule ndi mchere womwe," anatero Chikaipa. "Mlongo uli naye?"

"Alipo, sekuru. Sabina."

"Bweretsa chithunzi chake ndichifukize. Ukachiike pa makinawo ndi dzina lina. Mwamuna adzabwera yekha."

"Nanga chizimba chake?"

"Chaching'ono. Chimene ulembe m'malo mwa nkhope iyi, mwini nkhope adzachichita."

Obadiya anaseka. "Mawu okha?"

"Mawu okha, mwanangu."

Basi Sabina, mtsikana wogulitsa tomato pamsika, anasanduka Christine iye osadziwa. Posakhalitsa panatulukira mwamuna, akuti Nigel wa ku London. Chithunzi chake chinali chakuda ndi choyera, suti ya makolala aakulu. Obadiya anati ndiyo fasho ya kumeneko.

Mapaundi anayamba kugwa. Nsapato zatsopano, foni, shuga wa ku Joni. Obadiya analemba kuti, "Sindigona poganiza za iwe." Sabina tulo tinamuthawa, maso psuu. Analembanso kuti, "Chakudya sichikutsika." Sabina anayamba kukankha mbale, mpaka diresi kumulendewera. Obadiya anaona, koma foni yatsopano inali kulira m'thumba. Anati, ndizingosamala polemba.

Kenako Nigel anati, "Ndikufuna kupereka roora."

Tamvera apa, iwe wogona. Kwathu kwa Achewa mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Obadiya anakulira m'nyumba yotero, ndiye roora, malowolo a Chishona, anaiyesa mphatso yaikulu chabe. Akanafunsa Mshona aliyense woyandikana naye akanamuuza: roora ikalandiridwa, mkazi amapita kwa mwamuna, kaya mwamunayo ali kuti. Iye anangoona kuchuluka kwake. Analandira, n'kulemba kuti, "Lamulungu lino ndibwera kwanu."

Lamulungu lija atachoka ku tchalitchi, mayi ake, a Zelesi, anamukhazika pansi.

"Mlongo wako akutha, iwe ukunenepa. Ndalamazi zikuchokera kuti?"

"Kwa mnzanga wa ku London, amayi. Uyu apa." Anawaonetsa chithunzi chija monyada.

A Zelesi anakuwa. "Maiwe! London yake iti? Uyu ndi Yakobo! Anafera mu shafuti yakale, chidzenje chija cha mgodi, iwe usanabadwe, mtembo wake sunatuluke. Anafa wosakwatira. Komboni yonse ikudziwa kuti abale ake akhala akuzungulira kwa asing'anga kumufunira mkazi, kuti asiye kuwavutitsa."

Obadiya anadzambatuka. "Sabina ali kuti?"

"Watuluka posachedwapa, ndi diresi loyera ndi kasutikesi. Ndamuitana, sanacheuke."

Anathamanga mnyamata. Osati ku shafuti ayi, koma ku kafe, poti mawu ndiwo anali kumukoka mlongo wake. Anafika wefuwefu. "Mukoma, ndipatseni makina, ndilembe mawu amodzi okha!"

Mwini kafe anangoloza kudenga. "Magetsi azima kuyambira m'mawa, shamwari."

Atafika ku shafuti, dzuwa lili pamutu, anapeza waya wotchinga wapindidwa. Nsapato za Sabina zinali m'mphepete mwa dzenje, zoikidwa bwinobwino pamodzi, ngati munthu wavula polowa m'nyumba ya apongozi. Anaitana dzina lake. Dzenje linangomubwezera mawu.

Chikaipa ku Matepatepa sanamupezenso. Ndipo ukadutsa pomwe panali kafe paja, uona wamisala atakhala pansi ndi thabwa pamiyendo, zala zikugogoda, pakamwa pakungoti, "Sindibwera, sindibwera." Ndi Obadiya ameneyo.

Dyera limatseka maso. Iye ankati akunamiza munthu, osadziwa kuti wa mbali inayo wavalanso nkhope yabodza. Chuma cha mankhwala umalipira ndi wachibale wako, ndipo nkhope ya pa makina si munthu mpaka utamugwira dzanja.

Nanga iwe, uja amakuseketsa pafoniyo, unamuonapo ali ndi chithunzithunzi padzuwa? Wangoti duu bwanji? Dzuka, kanditungire madzi, kukhosi kwauma. M'kapu yoyera, osati ija mumamwetsera galu!